Oyilo wa Galimoto Yokalamba ya Mpingo: Tithiremo Uti?

Mipingo yambiri ya kuno kumalire ili ndi galimoto imodzi yokha, ndipo kawirikawiri galimotoyo imakhala yokalamba. Ina anaisiya amishoni pobwerera kwawo, ina inagulidwa kwa mabungwe othandiza anthu atatha nayo ntchito, ndipo ina Akhristu eni ake anaisonkhera zaka zingapo ndi ndalama za chimanga, nandolo ndi soya. Galimoto yotereyi siyendera abusa okha ayi. Ndiyo imanyamula mayi amene uchembere wamuvuta pakati pa usiku kupita naye ku chipatala cha ku Milange, ndiyo imatenga bokosi pa maliro, ndiyonso imatuta malata ndi simenti pomanga tchalitchi. Tsiku limene yafa, mudzi wonse umadziwa. Pa chifukwa chimenechi tinaona kuti n'koyenera kulemba m'kalata muno za chinthu chooneka ngati chaching'ono, ndicho oyilo amene timathira mu injini.

Funso lake ndi ili: kodi galimoto yokalamba tiziithira oyilo wamba amene takhala tikumudziwa, kapena oyilo wamakono wotchedwa sinthetiki? M'masitolo a zipangizo za galimoto ku Milange ndi ku Mocuba, ngakhalenso tsidya lija ku Mulanje ndi ku Limbe, zigubu za mitundu iwiriyi zimaikidwa pamodzi. Pa china palembedwa mineral, pa chinzake synthetic, kapena sintético m'Chipwitikizi. Cha sinthetiki chimakhala chokongola ndiponso chodula, nthawi zina kuwirikiza kawiri mtengo wa chinzakecho. Munthu wokonda galimoto amaganiza kuti kugula chodula ndiko kuisamala, pamene wosunga chuma amaganiza kuti kugula chotchipa ndiko kusamala ndalama. Ife kuno ku Mongue tinakakamizika kuilingalira nkhaniyi mofatsa, ndipo tikufuna kugawana nanu zimene tinapeza.

Mphatso imene inabutsa mtsutso

Galimoto yathu ndi Toyota Hilux ya 1996, ya injini ya dizilo yotchedwa 3L, ya malita 2.8, yopanda tebo. Yayenda makilomita opitirira 400,000. Imafuka pang'ono utsi wobiriwira m'mawa, ndipo imamwa oyilo pafupifupi lita imodzi pa makilomita 2,000 alionse, monga zimachitira nkhalamba zinzake. Msewu wa phula imauona pokhapokha tikafika ku Milange n'kulowera ku Mocuba kapena kuwoloka pa Muloza. Masiku ena onse imayenda m'misewu ya kwathu kuno, imene kuyambira August mpaka November imakhala fumbi lokhalokha, ndipo mvula ikagwa imasanduka matope ndi mitsinje yowoloka mopemphera.

Pa nyengo ya Khirisimasi kunabwera mnyamata wina wa mumpingo mwathu amene amagwira ntchito pa galaja ku Johannesburg. Anatibweretsera mphatso ya chigubu cha malita 5 cha oyilo wa sinthetiki, ndipo anachipereka pamaso pa akulu a mpingo mwaulemu wonse. Iye anati, "Abusa ndi makolo anga nonse, galimoto iyi ndi imene inatenga amayi anga kupita nawo ku chipatala, ndiye ndati nanenso ndiithokoze. Oyilo uyu mutha kuyenda naye makilomita 15,000 osamusintha."

Amayi amene amatisungira chuma nkhope yawo inawala. Iwo anati, "Abusa, ngati zili choncho ndiye kuti sevisi tizipanga kamodzi pa chaka. Ndalama zotsalazo tipitirize nazo denga la nyumba ya Sande sukulu." Koma mkulu wina wa mpingo, amene anayendetsa malole zaka zambiri ku minda ya tiyi ku Mulanje, anapukusa mutu nati, "Mwana wanga, mphatso yako taiona ndipo tathokoza. Komatu oyilo ameneyu ndi madzi. Ukamuthira m'nkhalamba ngati iyi amadya masili onse, ndipo m'mawa mwake umapeza pansi pali dziwe."

Apa panavuta. Kukana mphatso ya mwana amene waipereka ndi mtima wonse ndi chinthu cholemera pa chikhalidwe chathu. Kunyoza mawu a mkulu amene wakhala pa chiwongolero zaka zoposa zimene mwanayo wakhala ndi moyo ndi kolemeranso. Ndipo pamwamba pa zonsezi panali injini, imene ikanoka, ndalama zogulira mapisitoni, maring'i ndi mabering'i zingadye chopereka cha miyezi yambiri, galimoto ili pa miyala, odwala akunyamulidwa pa njinga. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tinagwirizana kuti chigubucho chiyambe chadikira, ife tifunse amakaniko ndi kuwerenga bwino zolembedwa m'buku la galimoto ndi pa zigubu.

Kodi sinthetiki ndi chiyani?

Tiyambe ndi ntchito ya oyilo. Mkati mwa injini muli zitsulo zimene zimathamanga moyandikana kwambiri. Oyilo amalowa pakati pa zitsulozo kuti zisakhudzane, amachotsa kutentha, amathandiza maring'i kutseka mpweya, amateteza dzimbiri, ndiponso amanyamula litsiro kupita nalo ku fyuluta, imene ndi sefa ya oyilo. Oyilo aliyense ali ndi magawo awiri. Gawo lalikulu ndi mafuta enieniwo, ndipo gawo lotsala ndi mankhwala osakanizamo, otsuka, oletsa kudyeka kwa zitsulo ndi opha asidi.

Oyilo wamba amayengedwa kuchokera ku mafuta okumbidwa pansi. Tizigawo take tosaoneka ndi maso timakhala tosiyanasiyana kukula, monga miyala yotoledwa kumtsinje. Oyilo wa sinthetiki tizigawo take timakonzedwa m'fakitale kuti tifanane, monga njerwa zoumbidwa m'chikombole chimodzi. Chifukwa cha kufananaku, sinthetiki amayenda bwino kukazizira kwambiri, sapsa msanga kukatentha kwambiri, ndipo amachedwa kutha mphamvu. Akatswiri a ku Germany anamugwiritsa ntchito m'ndege pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo m'magalimoto a anthu wamba anayamba kutchuka ku America pamene kampani ya Amsoil inatulutsa wake mu 1972 ndipo Mobil 1 anatuluka mu 1974.

Koma pali china chimene ogula ambiri sachidziwa. Mu 1999 kampani ya Mobil inadandaula ku bungwe loona za malonda otsatsa ku America kuti kampani ya Castrol ikutchula dzina la sinthetiki pa oyilo wochokera ku mafuta okumbidwa pansi koma woyengedwa mwapamwamba. Bungwelo linagamula kuti dzinalo likhoza kugwiritsidwa ntchito pa oyilo woteroyo. Kuyambira pamenepo, zigubu zambiri zolembedwa synthetic zimakhala ndi oyilo wa mtundu umenewu. Ndi oyilo wabwino ndithu, koma zikutiphunzitsa kuti liwu limodzi lolembedwa ndi zilembo zagolide silikwanira kutiuza zimene zili mkati.

Zimene zimatiuza zoona ndi manambala ndi zilembo zing'onozing'ono. Pa chigubu chilichonse pamakhala nambala monga 15W-40, 20W-50 kapena 5W-30, yochokera ku muyeso wa bungwe la SAE. Nambala yoyamba, ya chilembo cha W, imanena za mmene oyilo amayendera injini ikazizira. Oyilo wa 15W amayesedwa pa madigiri 20 pansi pa ziro, ndipo wa 5W pa madigiri 30 pansi pa ziro. Kodi ndani wa ife anaonapo kuzizira kotere kuno, ngakhale m'mwezi wa June mphepo ikamatsika m'phiri la Tumbine? Nambala yachiwiri imanena za kulemera kwa oyilo injini ikatentha, pa madigiri 100. Wa 30 ndi wopepuka, wa 40 ndi wapakati, wa 50 ndi wolemera, monga mmene phala limasiyanira, lina lamadzimadzi, lina lolimba. Kwa ife a dziko lotentha, nambala yachiwiriyi ndiyo yofunika kuiyang'anitsitsa.

Palinso zilembo za bungwe la API. Zoyamba ndi S ndi za injini za petulo, monga SL ya 2001, SN ya 2010 ndi SP ya 2020. Zoyamba ndi C ndi za injini za dizilo, monga CF yakale ija, CH-4 ya 1998 ndi CI-4 ya 2002. Oyilo wa dizilo amakhala ndi mankhwala ochuluka onyamula mwaye ndi opha asidi. Titatembenuza chigubu cha mphatso chija tinapeza palembedwa 5W-30 ndi SN basi, popanda chilembo cha C. Anali oyilo wabwino kwambiri, koma wopangidwira galimoto ya petulo.

Onse awiri anali ndi mbali ya choonadi

Mawu a mkulu wathu uja ali ndi pochokera. Oyilo wina wa sinthetiki wa m'zaka za m'ma 1970 ankaumitsadi masili a labala, ndipo mbiri imeneyi inatsalira m'makutu mwa madalaivala ambiri. Opanga oyilo anakonza vutoli kalekale. Chimene chimachitika masiku ano n'chakuti m'injini yokalamba masili amakhala atauma kale ndi kung'aluka, koma ming'aluyo yatsekedwa ndi litsiro lakale. Oyilo wotsuka bwino akachotsa litsirolo, kudontha kumaonekera. Oyiloyo sanaboole kanthu, wangoulula bowo limene linalipo. Ndiponso si zoona kuti sinthetiki aliyense ndi madzi. Wa 5W-40 injini ikatentha amalemera chimodzimodzi ndi oyilo wamba wa 15W-40, pakuti nambala yawo yachiwiri ndi imodzi. Komabe mkuluyo sanalakwe pokayikira chigubu chimene chinali patsogolo pathu, chifukwa oyilo wa 30 m'injini imene mipata yake yakula ndi ukalamba amapsa msanga ndi kudontha msanga kuposa wa 40.

Mawu a mnyamata uja nawonso ali ndi pochokera. Ku Johannesburg, galimoto yatsopano yoyenda pa phula tsiku ndi tsiku imathadi kuyenda makilomita 15,000 ndi oyilo mmodzi, ngati buku lake likutero. Koma apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo tikupempha kuti mumvetsetse. Oyilo amasinthidwa pa zifukwa ziwiri: chifukwa watopa, kapena chifukwa wada ndi litsiro. Sinthetiki amachedwa kutopa, koma sachedwa kuda. Ndipo m'galimoto ngati yathu, m'misewu ngati yathu, oyilo amada nthawi yotopa isanakwane.

Tiyeni tione zimene zimamudetsa. Choyamba ndi mwaye. Injini za dizilo za m'badwo wa 3L zimatulutsa mwaye wambiri, ndipo maring'i akadyeka mwayewo umatsikira mu sampu pamodzi ndi timadontho ta dizilo wosapsa, amene amasungunula oyilo. Chachiwiri ndi fumbi. Fumbi la m'misewu yathu ndi mchenga wosalala, ndipo mchenga ndi wolimba kuposa zitsulo zambiri za mu injini. Fyuluta ya mpweya ikang'ambika kapena paipi yake ikamasuka, fumbi limalowa, limasakanizika ndi oyilo, n'kuyamba kupala zitsulo monga mmene mayi amakwechera poto ndi mchenga. Chachitatu ndi madzi, amene amalowa tikamawoloka mitsinje yodzaza. Chachinayi ndi asidi wochokera ku sulufule wa mu dizilo. Pa ichi zinthu zinasinthako, pakuti mu 2017 Mozambique ndi Malawi anayamba kuitanitsa dizilo wa sulufule wochepa. Koma mwaye, fumbi ndi madzi zidakali nafe, ndipo palibe oyilo, ngakhale wodula chotani, amene angazisandutse mankhwala. Njira yozichotsera ndi imodzi yokha: kumasula nati ya pansi pa sampu, kukhetsa oyilo wakudayo, ndi kuthira watsopano.

N'chifukwa chake buku la galimoto yathu limanena kuti oyilo asinthidwe pa makilomita 5,000, ndipo limachenjeza kuti woyenda m'fumbi, m'matope kapena ndi katundu wolemera asinthe msanga kuposa apo. Tsono tiwerengetsere. Galimoto yathu imayenda pafupifupi makilomita 15,000 pa chaka. Tikathira sinthetiki n'kumamusintha pa nthawi yake, tigula katatu kapena kanayi pa mtengo wokwera, ndipo mphamvu yake yokhalitsa tiitaya pamodzi ndi mwaye. Tikathira sinthetiki n'kumusiya chaka chathunthu kuti tipulumutse ndalama, injini isamba m'matope akuda makilomita 10,000 owonjezera. Njira yoyamba imawononga ndalama za mpingo pang'onopang'ono, yachiwiri imaziwononga zonse tsiku limodzi. Choopsa chachikulu cha oyilo wodula m'galimoto yokalamba chili mumtima mwa mwini wake, amene amayamba kumva chisoni kukhetsa chinthu chimene anachigula modula, motero amazengereza.

Kumene sinthetiki ali woyenera

Tisamveke ngati tikunyoza zatsopano. Pali magalimoto amene sinthetiki ndiye chakudya chawo. Ma Hilux a injini ya D-4D amene anayamba kubwera mu 2005, ndi ena atsopano kuposa apo, ali ndi tebo imene imatentha koopsa, ndipo oyilo wosapsa msanga amawathandiza. Timagalimoto ta petulo tochokera ku Japan, monga Sienta, Vitz ndi Passo, timene tadzaza m'misewu ya kuno ndi ya ku Malawi, tinapangidwira oyilo wopepuka wa 0W-20 kapena 5W-30, chifukwa njira zake za oyilo ndi zopapatiza. Taona abale ena akuthira 20W-50 m'timagalimoto timeneti poganiza kuti oyilo wolemera ndiye wamphamvu. Kumeneko ndi kumwetsa khanda nsima. Lamulo ndi limodzi kwa onse: werengani buku la galimoto yanu, ndipo ngati bukulo linatayika, funsani kwa odziwa nambala yoyenera injini ya mtundu wanuwo.

Ngakhale m'galimoto yokalamba, munthu amene injini yake ili yolimba bwino, sidontha, ndipo thumba lake likumulola, akhoza kuthira sinthetiki wa dizilo wa 5W-40 kapena 10W-40 osaopa kanthu, malinga akumusintha pa nthawi yake. Akafuna kubwerera ku oyilo wamba, palibe choletsa. Ndipo pa ulendo, oyilo akachepa, kuwonjezera wa mtundu wina n'kwabwino kuposa kuyenda ndi sampu yosadzaza, chifukwa mitundu iwiriyi imasakanizika popanda vuto.

Tinenepo mawu kwa abale a njinga zamoto, pakuti mumpingo mwathu a kabaza ndi ambiri kuposa a magalimoto. M'njinga zambiri oyilo mmodzi yemweyo amasamalira injini, magiya ndi kilatchi. Oyilo wina wamakono wa magalimoto ali ndi mankhwala oterera kwambiri amene amachititsa kilatchi ya njinga kuterereka. Funani chigubu cholembedwa 4T ndi JASO MA. Ndipo popeza injini ya njinga imazizira ndi mphepo chabe ndipo imasunga oyilo pafupifupi lita imodzi yokha, musinthe pafupipafupi.

Mdani woposa onse

Pofufuza nkhaniyi tinazindikira kuti mtsutso wa sinthetiki ndi oyilo wamba ndi waung'ono poyerekeza ndi vuto la oyilo wachinyengo. M'misika ya m'malire mumapezeka oyilo wogulitsidwa m'mabotolo a madzi akumwa, wopanda dzina, wopanda nambala. Wina ndi wabwino wongogawidwa kuchokera mu mgolo, koma wina ndi oyilo wakale wosefedwa pa nsalu, ndipo wogula alibe njira yosiyanitsira. Palinso zigubu za maina odziwika zimene zinatoledwa, kudzazidwanso ndi kutsekedwa mochenjera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Oyilo akamadula, m'pamenenso achinyengo amapeza phindu pomunamizira. Zinthu zitakwera mtengo tsidya lija, makamaka kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, chiyeso chogula chotchipa chosadziwika chinakula kwa anthu a mbali zonse ziwiri za malire.

Chenjeraninso ndi nzeru zina za pansi pa mtengo. Ena injini ikayamba kufuka amathiramo oyilo wa giyabokosi wa nambala 90 kuti utsi uleke pogulitsa galimoto. Oyilo ameneyu sanapangidwire injini, ndipo kuteroko ndi kuphimba chilonda ndi nsalu yokongola, komanso ndi kunamiza wogula. Oyilo wa 20W-50 akhoza kuthandiza injini yotopa kwambiri kuti ipirire miyezi ina, koma sabwezeretsa chitsulo chimene chinadyeka. Nthawi ya ovaholo ikakwana, yakwana.

Zimene tinagwirizana

Titabwerera ku bwalo la akulu ndi zonsezi, tinamanga mfundo zimene tikuzitsata mpaka lero. Galimoto yathu imamwa oyilo wamba wa dizilo wa 15W-40 wolembedwa CI-4. Tinamusankha chifukwa ndi woyenera injini yake, ndiponso chifukwa amapezeka ku Milange, ku Mocuba ndi ku Mulanje komwe, kotero kuti powonjezera pa ulendo sitivutika. Timagula chigubu chosatsegulidwa pa malo omwetsera mafuta odziwika, ndipo lisiti limapita kwa amayi osunga chuma. Timasintha pa makilomita 5,000, koma m'miyezi ya fumbi sitipitirira 3,000. Fyuluta ya oyilo timaisintha nthawi iliyonse pamodzi ndi oyiloyo. Fyuluta ya mpweya timaitulutsa Loweruka lililonse n'kuigugudira pang'ono, ndipo ikatopa timagula ina, osaichapa ndi madzi kapena kuiboola.

Dalaivala asanalize injini m'mawa amasolola kandodo koyezera oyilo, galimoto ili pamalo osapendekeka. Kuda kwa oyilo wa dizilo sikumatiopsa, pakuti amada masiku ochepa chithirireni, ndipo ndi chizindikiro chakuti akunyamula mwaye. Chimene chimatiopsa ndi oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, chifukwa ndiye kuti mwalowa madzi, ndi oyilo amene akuchuluka yekha uku akununkha dizilo. Tikawoloka madzi akuya timayang'ananso tisanapite patali. Nyali yofiira ya oyilo ikayaka, lamulo ndi kuzimitsa injini pomwepo, ngakhale titachedwa bwanji kumene tikupita. M'galimoto mumakhala kope lolembamo tsiku, makilomita ndi zimene zagulidwa. Ndipo amayi osunga chuma anatsegula envelopu yapadera imene ulendo uliwonse umasiyamo kangachepe, kuti tsiku la sevisi lisamatipeze tikudikira chopereka cha Lamulungu likudzalo. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Nanga mphatso ija? Tinamuitana mnyamatayo asanabwerere, ndipo mkulu yemwe uja ndiye anamufotokozera, atagwira chigubucho n'kumuonetsa zilembo. Anati, "Mwana wanga, oyilo wako ndi wabwino, ine ndinamunenera zoipa zoposa zimene ali nazo. Koma ndi wa petulo, ndipo agogo athuwa amadya dizilo. Utilole timupereke kwa mbale wathu wa Sienta uja, amene amatithandiza kunyamula odwala galimoto ino ikachoka." Mnyamatayo anavomera mokondwa, nati, "Bambo, kumene ndimagwira ntchito kulibe fumbi ngati la kwathu kuno. Ulendo wina ndidzabwera ndi mafyuluta enieni, pakuti ndaona kuti ndiwo akusowa." Ndipo anachitadi zimenezo. Denga la Sande sukulu linachedwerapo pang'ono, koma linatha, ndipo malata ake anatutidwa ndi Hilux yomweyo.

Patsala chinthu chimodzi chimene sitingachisiye. Oyilo wokhetsedwa mu injini ndi poizoni, kaya anali wamba kaya sinthetiki. Mabuku a magalimoto amachenjeza kuti kukhudzana naye kawirikawiri kungayambitse khansa ya pakhungu. Tisamupake pa zilonda za ziweto kapena za anthu, tisamusunge m'mabotolo a zakumwa pamene pafika ana, ndipo tisamutaye pafupi ndi chitsime, dimba kapena mtsinje. Mitsinje ina ya kuno kumalire imatsikira ku nyanja ya Chilwa, imene ilibe potulukira madzi, ndipo nsomba zake ndi zimene timadya tomwe. Musungeni m'chigubu chotseka bwino ndipo mufunse ku galaja kapena ku malo omwetsera mafuta ngati amalandira.

Tsono inu akulu a mipingo, osunga chuma ndi madalaivala, musanatsutsane za dzina la oyilo, yambani mwafunsana mafunso awa. Kodi buku la galimoto yathu likunena nambala iti? Kodi injini yathu ndi ya dizilo kapena ya petulo, ndipo zilembo za pa chigubu zikugwirizana nayo? Kodi oyiloyu tamugula pamalo odalirika? Kodi tidzatha kumugulanso pa nthawi yake, ulendo uno ndi ulendo winawo, osazengereza? Kodi alipo amene walemba tsiku limene tinasintha komaliza? Galimoto ya mpingo inagulidwa ndi thukuta la anthu olima ndi khasu, ndipo ena mwa iwo sadzakwera galimoto ina iliyonse pa tsiku la mavuto awo koma imeneyi. Oyilo amene mungakwanitse kumusintha mokhulupirika ndiye woyenera nkhalamba yanu. Pitani mukasolole kandodo kaja lero lomwe, muone mmene zilili, ndipo mulembe m'kope.

Mtendere ukhale nanu nonse, ndipo muyende bwino m'misewu yathuyi.